Kabati Pazenera: Za Kaikidwe ka Katundu M'nyumba Zathu

Ntchito yathu ife oyang'anira zaukhondo ndi yoyenda m'makomo mwa anthu. Pa zaka zimene ndakhala pa ntchitoyi ndaodira m'makomo ochuluka, ndipo ndaona kuti ilipo nyumba yoti munthu ukangolowamo mtima umakhala pansi, nkhani n'kumangobwera zokha. Iliponso ina yoti ngakhale eni ake akusekerere chotani, maso ako amangothamangira kukhomo kufuna kutuluka. Poyamba ndinkayesa kuti kusiyana kumeneku kumachokera pa chuma. Pambuyo pake ndidazindikira kuti kawirikawiri kumachokera pa malo amene eni nyumba adaikapo mpando, tebulo, kabati ndi bedi, ndiponso kuti malo omwewo ali ndi mbali yaikulu pa thanzi la banja lonse.

Chaka china m'mwezi wa Juni, anthu atangotha kukolola, ndidatumidwa kukayendera banja lina kumene bambo wa pakhomopo adapezeka ndi chifuwa chachikulu. Udindo wanga udali wokaona anthu ogona naye nyumba imodzi, makamaka ana, kuti nawonso akapimidwe kuchipatala. Nyumbayo idali ya njerwa zootcha, yofolera malata, yokhala ndi pabalaza ndi zipinda ziwiri, ndipo m'mudzi monsemo idalibe inzake. Bamboyo adagwirapo ntchito ku Johannesburg zaka zingapo, nabwerako ndi katundu wosiririka. Nditaodira, mayi wa pakhomopo adandiuza kuti ndilowe, koma chitseko chidangotseguka theka chifukwa kuseri kwake kudali njinga. Ndidalowa chammbali ngati nkhanu. M'katimo mudali masofa atatu akuluakulu, tebulo lalikulu pakati lotsekereza njira, matumba a chimanga osanjikizana kukhoma mpaka kufika kudenga, ndi kabati yagalasi yodzaza mbale zimene sizidadyeredwepo chigulire. Kabatiyo adaiimika pazenera penipeni. Nthawi idali 10 koloko m'mawa, kunja dzuwa lili ngwee, koma m'nyumbamo mudali mdima ngati wa chisisira.

Wodwalayo ndidampeza kuchipinda chakumbuyo. Zenera la chipindacho adalitseka ndi katoni, nakhomera misomali, ati kuopa kuti mphepo ingawonjezere chifuwa. Pansi, pafupi ndi bedi, padali mphasa imene ankagonapo ana awiri, popeza chipinda chawo adachisandutsa mosungira mtedza ndi feteleza. Wamng'ono mwa anawo, wa zaka 3, adali atayamba kale kutsokomola ndi kuonda, ndipo amayi ake ankayesa kuti ndi chimfine cha nyengo yozizira.

Titabwerera pabalaza ndidasowa pokhala, pakuti pa sofa ina padali zovala, pa ina mabuku a ana, ndipo yachitatu idali kuseri kwa tebulo kosafikika. Mayiwo adachita manyazi, nayamba kuchotsa zovalazo msangamsanga. Ndidawafunsa kuti, "Kodi mayi, kabatiyi idafika bwanji pazenera?" Iwo adayankha kuti, "Adokotala, makoma enawa ali ndi katundu kale. Komanso tidafuna kuti alendo akamalowa aziyamba kuona iyoyi." Mawu amenewa sindidawaiwale. Banjali lidaika katundu wake moganizira mlendo, koma mlendo amene adabwera tsikulo adalowa movutikira, adasowa pokhala, ndipo ngakhale kabatiyo sadaione bwino chifukwa cha mdima umene iyo yomwe idabweretsa.

Tsiku lomwelo ndidapatukira kwa mayi wina wamasiye wa m'mudzi womwewo, amene nyumba yake idali ya zidina, yofolera udzu. Katundu wake yense akadakwana pa ngolo imodzi n'kutsala malo: mipando iwiri, mkeka, katebulo, mtsuko, ndi bedi kuchipinda. Koma pansi padali pozira bwino, timazenera tiwiri toyang'anizana tidali totsegula, ndipo mpando udali pomwe maso anga adafikira nditangolowa. Ndidakhala kumeneko nthawi yaitali kuposa imene ndidakonza, ndipo ndidachokako nditadya mbatata yootcha.

Kodi mlendo amafuna chiyani?

Pa mwambo wathu mlendo sapatsidwa moni ali chiimire. Akaodira timamuyankha, timamulandira katundu, timamuonetsa pokhala, ndipo akakhala pansi ndi pamene timamulonjera. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; choncho kanthawi kochepa kamene ali nafe asakathere pofunafuna popondera. Chinthu choyamba chimene nyumba iyenera kukhala nacho ndi njira yoonekera kuchokera pakhomo kufika pampando. Imani pakhomo panu lero monga mlendo, mutsegule chitseko. Ngati chikugunda kanthu chisanafike kukhoma, kanthuko kachoke. Kenaka yendani kufika pampando, ndi kuchoka pampando kupita kukhomo la chipinda chilichonse. Njira imeneyi ikhale yoti mayi wobereka mwana kumbuyo, atanyamula ndowa m'manja, adutse osakhudza kanthu. Ndi njira yomweyi imene mudzadutsemo usiku mulibe nyali mwana akadwala, ndiponso imene mudzatulutsiremo wodwala pa machira kapena kuthawiramo moto utabuka.

Chachiwiri ndi kumene mipando ikuyang'ana. M'nyumba zambiri mipando amaindandalika kukhoma limodzi, yonse kuyang'ana kumodzi, monga mabenchi a pachipatala amene mwina mwakhalapo pamene mukuwerenga nkhani ino. Pachipatala n'koyenera kutero popeza nonse mukudikira khomo limodzi, koma panyumba anthu amafuna kuonana nkhope. Masiku ano mipando yambiri imayang'ana kumene kuli wailesi yakanema, kotero kuti mlendo amalankhula ndi khutu la mwininyumba. Ikani mipando mozungulira monga momwe anthu amakhalira pamoto, motalikirana pang'ono kuti maondo asagundane, koma moyandikana ndithu kuti munthu asachite kufuula. Mipando iwiri kapena itatu yolimba ndi yokwanira. Tebulo la pakati likhale laling'ono, loti mwana wa sukulu angathe kulisuntha yekha. Ngati muli ndi lalikulu, malo ake ndi pambali, pansi pa zenera pamene ana angawerengerepo masana, popeza tebulo ndi lalifupi ndipo silitchinga kuwala.

Pakati pa balaza pasiyidwe malo a mkeka. Amene amagula masofa amaiwala kuti alendo athu ambiri, makamaka amayi ndi agogo, amamasuka akakhala pamkeka atatambalala, mwana akusewera pambali. Pakasowa malo oyala mkeka, abambo amakhala m'nyumba pamipando, amayi n'kukhala pakhomo kapena panja pa fumbi, ndipo nkhani ya banja imakambidwa theka la banjalo lili kutali. Pali chinanso chimene ogulitsa masofa sachiganizira, koma makolo athu ankachidziwa bwino: kumadera ambiri mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake. Ngati mipando yonse ndi yolemera ndi yoyang'anizana, mmodzi wa iwo adzapeza chifukwa chotulukira. Kampando kopepuka kamene munthu angakatembenuzire chammbali kamathetsa vutoli, ndipo onse amacheza mwaulemu m'chipinda chimodzi.

Tiganizirenso okalamba. Sofa yofewa ndi yozama imaoneka yaulemu, koma kwa munthu wokalamba, wodwala nyamakazi kapena mayi woyembekezera, kudzukapo ndi ntchito yaikulu. Ndaonapo agogo akukana kulowa m'nyumba ya mwana wawo, anthu n'kumati ndi mwano kapena nsanje, pamene chifukwa chenicheni n'chakuti amachita manyazi kudzutsidwa ngati khanda. Apatseni mpando wolimba wokhala ndi mogwira manja, monga ija yoluka ndi nsungwi imene amisiri athu amapanga, muuike pafupi ndi khomo powala. Chotsaninso mawaya a sola ndi timakapeti toterera m'njira mwawo, pakuti fupa la m'chiuno la munthu wokalamba likathyoka, ambiri sayendanso monga kale.

Musaiwale khonde. M'midzi alendo ambiri amathera pakhonde, makamaka nyengo yotentha, ndipo ena ulemu suwalola kulowa m'nyumba eni ake aamuna palibe. Benchi limodzi ndi malo oyala mphasa n'zokwanira. Makasu, nkhuni ndi zitete za nkhuku zipezeredwe malo kuseri kwa nyumba.

Zenera lisasanduke khoma

Tsopano tibwerere ku kabati ija ya pazenera, pakuti nkhani yake ndiyo yaikulu koposa. M'chaka cha 1882 dokotala wina wa ku Germany, Robert Koch, adapeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu. Lero tikudziwa bwino momwe kamayendera. Wodwala amene sadayambe mankhwala akatsokomola, kuyetsemula, ngakhale kuimba kumene, amatulutsa timadontho tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti sitigwa pansi msanga ayi. Timayandama mu mpweya kwa maola angapo. M'chipinda chotsekeka mpweya womwewo umazungulira m'mapapo mwa onse ogonamo usiku wonse. Mphepo ikamadutsa imatulutsa timadonthoti panja, ndipo kuwala kwa dzuwa kumapha tizilomboto. Chikuku ndi chimfine nazonso zimafala mosavuta m'zipinda zopanda mpweya, monga momwe tidaoneranso ndi Covid-19 kuyambira m'chaka cha 2020. Motero munthu amene waika kabati kapena mulu wa matumba pazenera wadzimana zinthu ziwiri zaulere zimene zikadateteza ana ake.

Pa maphunziro athu a zaukhondo tidaphunzitsidwa muyeso wosavuta kukumbukira: mutagawa pansi pa chipinda m'magawo 10 ofanana, mazenera a chipindacho akhale aakulu ngati gawo limodzi. Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali chikufuna zenera la pafupifupi mita imodzi mbali ina, ndi mita imodzi ndi masentimita 20 mbali inayo. Nyumba zambiri za m'midzi sizifika pa muyeso umenewu, choncho kazenera kamene kalipo n'kosayenera kukaphimbanso. Komanso zenera limodzi pa lokha siligwira ntchito mokwanira. Mpweya umafuna polowera ndi potulukira, ndiye chifukwa chake pakati pa zenera ndi khomo, kapena pakati pa mazenera awiri oyang'anizana, pasakhale katundu wamtali. Katundu wotere apite kumakoma a m'kati, opanda zenera. Makatani amangidwe m'mawa, mazenera atsegulidwe tsiku lonse, ndi kutsekedwa dzuwa likapendeka udzudzu usanayambe kulowa. Amene angathe akhomere waya wa sefa pazenera, kuti lizikhala lotsegula ngakhale usiku wotentha wa mu Okutobala.

Ndikudziwa kuti ambiri amaopa mphepo. Amati wodwala chifuwa akawombedwa ndi mphepo matenda amakula. Mphepo yozizira ingamutsokomoletse ndithu, koma yankho lake ndi bulangete ndi juzi. Katoni ya pazenera imangotsekera tizilombo pamodzi ndi ana. Ndipo pano ndinene chimene chimandiwawa mtima. Mabanja ena amalandira bwino mlendo wa kutali koma amabisa wodwala wawo kuchipinda cha mdima, kumpatulira mbale ndi kapu ngati munthu wodetsedwa. Chifuwa chachikulu sichiyenda pa mbale. Chimachizika, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, kawirikawiri amamwedwa kwa miyezi 6, ndipo munthu akamamwa mokhulupirika, pakangopita masabata ochepa mphamvu yopatsira ena imachepa kwambiri. Malo abwino a wodwala wotere masana ndi pakhonde, pampando wandalema kapena pamkeka, pamene pali mpweya, dzuwa ndi anthu ocheza naye. Pa zimene ndaona ine, munthu wokhala pakati pa abale sataya mtima msanga, ndipo sasiyira mankhwala panjira monga amachitira wotayidwa kuchipinda.

Matumba a chimanga

Kale chimanga chinkakhala m'nkhokwe panja. Masiku ano, chifukwa cha akuba ndi anankafumbwe, mabanja ambiri amachitonola, kuthira mankhwala ndi kuchisunga m'matumba m'nyumba. Sindiwadzudzula, pakuti munthu sangagone tulo chakudya cha chaka chonse chili pamtetete. Koma matumbawo akhale ndi malo awoawo, osati pabalaza kapena pogona ana. Aikeni pa thandala la mitengo lokwezedwa ndi njerwa, kutalika ngati zikhatho ziwiri kuchokera pansi, ndipo pakati pa matumba ndi khoma pakhale mpata woti tsache ndi mphaka zidutse. Thumba logona pansi kapena lotsamira khoma limayamwa chinyontho, chimanga n'kuchita chuku, ndipo chuku china, makamaka cha m'chimanga ndi mtedza, chimakhala ndi poizoni woononga chiwindi amene satha ngakhale nsima itapsa bwino. Kuseri kwa mulu wosasunthika ndiko kumaswanira makoswe, ndipo makoswe amabwera ndi utitiri wawo. Anthu a ku Nsanje akukumbukira nthenda ya makoswe yotupitsa mwanabere imene idabuka kumeneko m'chaka cha 2002. Inkafala ndi utitiri womwewu. Makoswe akachuluka, njoka nayo imawatsata.

Feteleza, mankhwala opopera mbewu, tameki ndi parafini zisasungidwe pamodzi ndi chakudya. Khomani kashelefu pamwamba pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando, ndipo mankhwala onse a kuchipatala akhalenso patali chomwecho. Parafini asathiridwe m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, chifukwa mwana wa mlendo sadziwa za m'nyumba mwanu. Akaona botolo pansi pa tebulo amangopapira. Zikachitika, musamusanzitse ayi, popeza parafini akalowa m'mapapo amaononga koposa. Thamangirani naye kuchipatala.

Ndisadzionetse ngati wolungama pa nkhaniyi. Kwa zaka zingapo njinga yamoto ya kuntchito inkagona pabalaza panga, fungo la petulo lili guu, mpaka tsiku lina mayi akunyumba adandifunsa ngati malangizo amene ndimapereka m'midzi sagwira ntchito pakhomo pathu. Ndidamanga kanyumba ka njingayo mwezi womwewo.

Bedi ndi neti

Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, ndipo masana umapuma m'malo a mdima: kunsi kwa bedi, kuseri kwa kabati, ndi pa zovala zolenjekeka pachingwe chodutsa pakati pa chipinda. Zovala zipindidwe ndi kuikidwa m'sutikesi kapena m'dengu lovundikira, ndipo kunsi kwa bedi kukhale kopanda kanthu kuti tsache lizifika. Mataninso mpata wa pakati pa khoma ndi denga, chifukwa ndi pomwe udzudzu wambiri umalowera.

Poyenda m'makomo ndimapempha eni nyumba kuti andionetse neti, ndipo ambiri amaitulutsa ikadali m'pepala lake, n'kunena kuti palibe poikoleka. Kawirikawiri vuto limakhala bedi lokankhiridwa pakona, kumene zingwe zinayi za neti sizingatambasuke. Kokani bedi lichoke kukhoma pang'ono, lifike pansi pa phaso kapena mtanda womangapo zingwe, kuti neti itsike mbali zonse ndi kupindiridwa kunsi kwa matiresi. Neti yopanikizika ndi khoma imakhudza thupi, ndipo udzudzu ungalume mkono kapena bondo kudzera m'timabowo ta netiyo. Ana ogona pamphasa pabalaza nawonso afunika neti. Apa ndi pamene pamaonekera ubwino wa katundu wopepuka: madzulo mipando ndi katebulo zimakankhiridwa pambali, neti n'kukolekedwa pa misomali imene imakhala kukhoma chikhalire, ndipo m'mawa balaza limabwerera mwakale mlendo asanafike.

Za nsikidzi ndinene mwachidule. Zimabisala m'ming'alu ya bedi ndi m'misoko ya matiresi ndi masofa, ndipo zimatha kukhala miyezi osadya kanthu. Mukagula sofa kapena bedi kwa munthu wina, yang'anani bwino m'misoko ndi kuyanika padzuwa zisanalowe m'nyumba, pakuti palibe chimene chimatsanzikitsa mlendo msanga kuposa mpando woluma. Makoma opaka laimu kapena dothi loyera amawalitsa chipinda, ndipo nsikidzi ndi mphemvu zimaonekerapo msanga. Zithunzi za banja ndi kalendala ya chaka chino n'zokwanira kukongoletsa khoma. Manyuzipepala omata khoma lonse amangosunga mphemvu kuseri kwake.

Madzi ndi moto

Mlendo akakhala pansi, choyamba kupatsidwa ndi madzi akumwa. Ndowa ya madziwo, kapena mtsuko, ikhale pa kampando kapena pa njerwa, pamalo ozizira, kutali ndi khomo kumene nkhuku ndi agalu amasuzumira, ndipo ikhale yovundikira nthawi zonse. Pakhale makapu awiri: ina yotungira yokhala ndi chogwirira, ina yomwera. Matenda a kolera amene adabuka m'dziko muno m'mwezi wa Malichi 2022, nafika pachimake kumayambiriro kwa 2023, adapha anthu oposa 1,700. Tizikumbukira kuti madzi otungidwa pamjigo ali abwino amatha kuipitsidwa m'nyumba momwemo ndi kapu yopisidwa ndi manja osasamba. Mpondagiya ndi sopo zikhale panjira yochokera kuchimbudzi, poonekera, kuti mlendo asachite kufunsa.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kumadera ozizira monga Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, anthu amalowetsa mbaula ya makala m'nyumba kuti aothe. Makala oyaka m'chipinda chotsekeka amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo ndiponso wosaoneka. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso. Mbaula isagone m'nyumba ayi. Ituluke anthu asanagone, ndipo pamene mukuotha zenera likhale lotsegula. Iikeni pambali, osati panjira pamene mwana wokwawa angaigwere, ndipo munthu wa khunyu asasiyidwe yekha pafupi ndi moto. Kandulo ndi nyali ya koloboyi zikhale kutali ndi makatani ndi neti, pakuti neti ikagwira moto imasungunuka ndi kumatirira pathupi. Kuphika kukhale kukhitchini ya panja yokhala ndi potulukira utsi. Bungwe la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba udachititsa imfa za anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse. Mbaula ya dothi ya Chitetezo ili ndi ubwino wakuti imadya nkhuni zochepa, ndipo mungathe kuinyamula kukaphikira pabwalo.

Tsiku losuntha katundu

Ku banja lija ndidabwererako patapita masiku atatu, pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Bambowo poyamba sadakondwe nazo. Adati, "Adokotala, katunduyu ndidamuvutikira kuchilendo. Mukufuna kuti nditaye?" Ndidawayankha kuti, "Ayi bambo, palibe chotayidwa. Tingosintha pokhala pake." Tidaitana anyamata awiri a m'mudzimo. Feteleza adapita m'kanyumba ka panja kokhala ndi loko. M'chipinda chachiwiri tidamanga thandala, ndipo chimanga ndi mtedza zidakwana momwemo, njinganso n'kupeza malo pambali pake. Pochotsa matumba pabalaza tidapeza zisa ziwiri za makoswe, ndi thumba limodzi lapansi litachita chuku. Kabati tidaisunthira kukhoma la m'kati loyang'anizana ndi khomo. Sofa imodzi idapita pakhonde, ziwiri zotsalazo tidaziika moyang'anizana, tebulo lalikulu lidapita pansi pa zenera, ndipo pakati padatsala malo a mkeka. Katoni ija tidaizula. Ana adayamba kugona pabalaza ndi amayi awo m'neti, bambo awo n'kumagona okha kuchipinda kwa masabata oyambirira. Ntchito yonseyi idatha dzuwa lisanalowe, ndipo ndalama imene idatuluka idali ya misomali yokha.

Kuchipatala mwana wamng'ono uja adapezeka nacho chifuwacho, nayamba mankhwala. Mkulu wake adapezeka alibe. Sindinganene kuti kabati ndiyo idadwalitsa mwanayo, koma chipinda chokhomera katoni chija chidathandizira ndithu. Ndikumbutse pano kuti pakhomo pakapezeka wodwala chifuwa chachikulu, onse ogona m'nyumbamo akapimidwe, ndipo ana osakwana zaka 5 amene apezeka opanda matendawa amapatsidwa mankhwala owateteza.

Ulendo wanga womaliza kumeneko udali m'mwezi wa Disembala, mvula itayamba. Bambowo ndidawapeza pakhonde akukhomera khasu mumpini, thupi litabwerera, mwana uja akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Nditaodira, chitseko chidatseguka chonse mpaka kukhoma. Pamkeka padali apongozi a bambowo, amene ndidamva kuti kale ankathera panja. Bambowo adalowa pambuyo panga, nakokera kampando chammbali pafupi ndi khomo. Mayi aja adandipatsa madzi, ndipo poona kuti ndikuyang'ana kabati, imene tsopano kuwala kwa pazenera kunkagwera pa galasi lake, adaseka nati, "Adokotala, mbale zija anthu ayamba kutifunsa kuti tidazigula kuti. Zaka zonsezi padalibe ndi mmodzi yemwe adafunsapo."